Miyala Yoyera ya ku Madumabisa

Mwala woyamba utasowa, Laiton, wosamalira manda a kuseri kwa komboni ya Madumabisa, anangoti ndi masewera a ana. Chaka chilichonse Novembala akayandikira, ankapaka miyala njereza n'kuindandalika mbali zonse za kanjira kochokera pageti kukafika pamene anagona asilikali akale a Keyala. Tsiku la chikumbutso cha ofera kunkhondo madala otsalawo ankavala mamendulo n'kuguba pakati pa miyalayo, pakuti msilikali saponda pomwe palibe mzere woyera.

Koma m'mawa uliwonse miyala inkapereweraperewera, m'fumbi lakuda la malasha n'kutsala timaenje tokhatokha. Kapitawo wa komboni anamuuza mosabisa kuti mzere ukapezeka wodukaduka pa tsikulo, ntchito yatha. Ndipo ku migodi ya ku Wanki kumeneko ntchito ikatha, nyumba ya kampani imapita nayo limodzi.

Amayi pampopi ankanong'onezana kuti akufa akuyeserera perete. Wina wochokera kumgodi usiku analumbira kuti anamva jombo zikugunda kumandako, ndipo mnzake anati usiku wotsatira kunkalira chitsulo ngati mwana wodwala. Fainesi, mkazi wa Laiton, anati iye mizukwa sakuiopa, chimene akuopa n'kukapanikizana kwa apongozi ndi ana onsewo. Madzulo oti mawa ndi chikumbutso, anam'patsa mwamuna wake bulangete n'kumukankhira panja.

Laiton anabisala kuseri kwa chiliza. Utsi wa malasha unali utaphimba nyenyezi, ndipo kutali mabogi a sitima ankagundana, kenako nawonso anakhala chete. Pamenepo kulira kuja kunayamba, kwii, kwii, kuima, n'kuyambanso pafupi. Chinthu chachitali chovala jasi chinatuluka mumdima, chinawerama pang'onopang'ono, chinazula mwala n'kubuula. Laiton anafuna kupemphera, koma m'mutu munangobwera pemphero la chakudya.

"Ndani uko?" chinanong'ona chinthucho. "Ngati ndiwe wamoyo, bwera ugwire wilibalayi. Msana wandikana."

Anali madala Davison, sajeni wakale amene anamenya nkhondo ku Bama. Anafotokoza akupumira m'mwamba kuti mnzawo wa kunkhondo Sabiti, amene anamwalira chaka chomwecho, anaikidwa mbali ya Asilamu, kupitirira mtengo wa tsanya, kumene mzere sufika. Atapempha okonza mwambo kuti perete akafike kumeneko, anayankhidwa kuti njira ndi yomwe ija. Ndiye iwo anaganiza zongoikhotetsa, poti anzawo akaona miyala yoyera adzaitsata osafunsa.

Laiton anadandaula za nyumba yake. Madalawo anati mzere wokhota si mzere woduka, chachikulu ufike kumene ukupita. Choncho anagwira limodzi, wina kukankha, wina kuyala, mpaka pa tsanya, pomwe miyala inathera pamodzi ndi mphamvu. Manda a Sabiti anali akadali patali ndithu. Laiton anabwerera kunyumba akudziwa kuti mzere wothera m'tchire ndi woipa kuposa wodukaduka.

Kutacha anaupeza utafika pamanda a Sabiti penipeni, wowongoka bwino, njereza yake ikadali yonyowa. Madala anaguba, anakhota osafunsa, lipenga linalira, onse n'kuchita sawatcha pamanda opanda chiliza aja. Kapitawo anam'tamanda Laiton pagulu, nati chaka chamawa ayale chimodzimodzi.

Anthu atabalalika, Laiton anapita kukathokoza madala Davison kuti anabwereranso kukamaliza okha, msana uli chomwecho. Madalawo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Si iwe kodi unamaliza, mwanawe?"

Onse awiri anatembenukira kutsidya kwa tsanya. Kenako madalawo anaseka mpaka mamendulo kugundana pachifuwa.

"Ndi Sabiti ameneyo. Ku Bama sankanyamula ngakhale ketulo, lero wadziwa ntchito."

Laiton anaseka nawo, poti nyumba inali itapulumuka. Koma geti la manda analitseka dzuwa likadali pamutu.