Mmero Wachitatu wa Injini ya Uladi

Amayi ake a Uladi, Abiti Wadi, anamuchenjeza tsiku lomwe iye anabwera ndi thumba n'kulikhuthula pakhonde. Munatuluka zitsulo zinayi zofanana, makabuleta a galimoto, zokutidwa ndi dothi lofiira.

"Wazitenga kuti zimenezi?"

"Ku Katuli, amayi. Kuli galimoto inafera m'tchire pafupi ndi malire. Udzu unachita kumera m'kati."

"Mwini wake wamupempha?"

"Mwini wake uti? Ndi zotsala za nkhondo izi."

"Ukabweze. Anthu a kumeneko ndi osauka kuposa iwe, amazula ndi msomali womwe, koma izi anazisiya zaka zonsezi. Sunadzifunse chifukwa chake?"

Uladi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Kabuleta alibe mzimu, amayi. Akanakhala nawo bwenzi tikumuphikira tiyi."

Abiti Wadi sanaseke. Anakoka chitenje chawo kuti chisakhudze zitsulozo, nalowa m'nyumba.

Chinali chaka chija tinkadya chimanga chachikasu, anthu othawa nkhondo ku Mozambique atadzaza m'midzi ya m'malire. Uladi anali makaniko pa Mangochi boma, ndipo chomudyetsa chinali khutu. Galimoto ikamadutsa pamsewu, iye ali chagada pansi pa ina, ankangoti, "Iyo pulagi yachiwiri yafa," ndipo zinkakhaladi choncho. Koma pikapu yake yomwe inkamuchititsa manyazi. Kabuleta mmodzi ankadyetsa masilinda anayi, ndiye pa zitunda za ku Namwera inkachita kukwawa, anthu a njinga n'kumaipitirira. Iye ankafuna kuti silinda iliyonse ikhale ndi mmero wakewake wokokera mpweya.

Anagwira ntchito yomanga makabuleta anayi aja masiku asanu, ndipo mphamvu inabweradi. Kungoponda pang'ono, galimoto inkalumpha. Mimero inayi inkakoka mpweya mokuwa, koma zimenezo ankaziyembekezera. Chomwe sanachimvetse chinali kaphokoso kena kapansipansi. Fyoo... kenako khrr... Fyoo... khrr...

"Pali pomwe pakuba mpweya," anatero.

Anamasula zonse, nadula magasiketi atsopano. Phokoso lili pompo. Anapaka thovu la sopo molumikizira monse kuti aone pomwe liyamwidwe, koma silinayamwidwe paliponse. Anathina mabawuti, anasintha timapaipi. Kenako anachita zomwe amachita amakaniko akale: anatenga paipi ya labala, mbali ina kukhutu lamanzere, mbali ina pakamwa pa mmero uliwonse. Woyamba unkapuma bwino, wachiwiri chimodzimodzi, wachinayinso. Wachitatu ndiwo unali ndi nkhani. Ndipo chinamudabwitsa n'chakuti akaponda moto, kaphokosoko sikankathamanga limodzi ndi injini. Kankayenda pa nthawi yakeyake, pang'onopang'ono.

Apa m'pomwe munthu womva akanakumbukira amayi ake. Iye sanawauze n'komwe.

Lachinayi lotsatira anamuitana ku Katuli komweko kuti akakonze chigayo. Anamaliza anthu ataswali kale swala ya usiku ku mzikiti. Mwini chigayo, Che Amidu, anamuyalira mkeka.

"Gonani, Che Uladi. Msewu uwu sitiyendamo nthawi ino."

"Ndi injini iyi? Musanatseke chitseko ndikhala nditawoloka Shire."

Ananyamuka. Kunalibe mwezi. Atasiya nyumba zomalizira, phokoso lija linayamba kukula. Linadutsa chitsulo cha boneti, linalowa m'kati momwe anakhala. Fyoo... khrr... Pa kamlatho kamatabwa, pomwe pali manda amene ankaikamo othawa nkhondo, linkamveka ngati lili pampando wapambali pake.

Anaima. Anasiya injini ikulira, natsegula boneti, tochi ali nayo kukamwa. Anaika paipi ija kukhutu, naweramira mmero wachitatu.

"Si gasiketi ayi, mestre."

Tochi inagwa!

Munthuyo anaima kuseri kwa nyali, pomwe kuwala sikufika bwino. Wamtali, ovololo yabuluu, pakhosi atamanga kansalu. Chichewa chake chinali cha kutsidya kwa malire, komwe mmisiri amamutchula kuti mestre. Uladi sanamve mapazi, ngakhale matabwa a mlathowo amalira ndi mbuzi yomwe.

"Salaam aleikum, achimwene," anatero Uladi.

Munthuyo sanabweze moni. Anangoyang'ana mu injinimo ngati munthu woona ana ake.

"Mwamanga bwino. Koma wachitatuwo simuutha."

"Mwadziwa bwanji kuti ndi wachitatu?"

"Ndinayesa kutseka ndi dzanja. Usiku wonse. Sunatsekeke."

Amakaniko amaterodi: amaphimba mmero ndi chikhatho, injini ikapanda kutsamwa amadziwa kuti mpweya ukulowera pena. Ndiye Uladi mtima unakhalako pansi. Anati uyu ndi mnzanga wa ntchito. Anatambasula dzanja, naphimba mmero wachitatu.

Unayamwa chikhatho. Kenako unachikankha... ndi mpweya wofunda, wonyowa!

Kabuleta sapumira kunja, abale anga. Amangokoka.

Uladi anathamangira kuchiwongolero, nazimitsa injini. Anazula kiyi. Kiyi ili m'manja mwake. Injini ili zii.

Fyoo... khrr...

Anatembenuka. Munthu uja anali atasendera. Milomo yake inali yotseka, koma kansalu ka pakhosi kankalowa m'kati... n'kutuluka. Kulowa... n'kutuluka.

"Mwamvetsera kwambiri, mestre," anatero. "Enawo anatseka makutu. Inu nokha ndi amene mwandimvetsera."

Uladi anathawa. Galimoto, tochi, nsapato imodzi, zonse anasiya. Anathamanga kubwerera ku Katuli. Sanacheuke. Kumbuyo kunalibe mapazi. Koma kupuma kuja kunali pompa, kukhutu lamanzere. Akathamanga, kulipo. Akaima, kulipo. Anayesa kuwerenga pemphero la duwa, lilime linakana. Anagwa, anadzuka, anagwanso. Minga inamung'amba. Fyoo... khrr...

Kukuyera kum'mawa, anagwera pakhomo la kanyumba kaudzu. Munatuluka mayi wina wothawa nkhondo, dzina lake Conceição, amene ankagulitsa zitumbuwa pachigayo paja. Anamupatsa madzi, namufunsa chomwe chamuthamangitsa. Uladi anafotokoza zonse, kuyambira thumba lija. Atatchula ovololo yabuluu ndi kansalu ka pakhosi, mayiyo anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Kansaluko kanali ka maluwa ofiira?"

"Eya."

"Ndinang'amba ndine, ku chitenje changa. Ameneyo ndi Avelino, bambo a ana anga. Galimoto ija anaimanga yekha, mimero inayi, kuti tidzathawire. Tinafika pamalire zaka zinayi zapitazo. Anthu a mfuti anatiombera. Chipolopolo chinamuboola pakhosi. Ndinamumanga kansaluko, iye n'kutiuza ndi dzanja kuti thawani. Tinabisala m'tchire, ife ndi anthu a m'mudzi muno. Usiku wonse tinkamumva akupumira pabalapo, atatsamira galimoto yake. Palibe anayerekeza kupitako. Kutacha tinamupeza dzanja lili pakhosi. Tinamuika pa kamlatho paja."

Uladi anagwira khutu lake lamanzere.

"Mwamvetsa tsopano chifukwa chake sitikhudza galimoto imene ija?" anatero mayiyo. "Tonse tinalimva phokosolo. Sitifuna kulimvanso."

Tsiku lomwelo, dzuwa lili pamutu, Uladi anapita ndi Che Amidu pa kamlatho. Anamasula makabuleta onse anayi, nakawamanga m'galimoto ya m'tchire ija, bawuti iliyonse pamalo pake. Anapereka mbuzi kwa Conceição. Kunyumba anaitana mashehe, anawerenga, anafukiza ubani. Pikapu inabwerera pa kabuleta wake mmodzi, ndipo inkalira bwinobwino.

Koma khutu silinabwerere. Anthu ankabwera ndi galimoto zawo, iye n'kuweramira injini, n'kumva chinthu chimodzi chokha. Anayamba kusintha zitsulo zabwinobwino, kusiya zakufa. Pasanathe miyezi itatu, pagalaja pake panamera udzu. Kuchipatala anamuunika, nati m'khutumo mulibe kanthu.

Madzulo ena Abiti Wadi anamupeza atakhala pakhonde, mutu uli m'manja.

"Mwina ndi maganizo chabe, mwanangu," anatero, pofuna kumulimbitsa mtima.

Uladi anatenga paipi ya labala ija, naika mbali ina pakhutu lake lamanzere, mbali inayo napatsa amayi ake. Iwo anazengereza, kenako anaigunditsa kukhutu kwawo.

Fyoo... khrr...

Anaitaya paipiyo ngati yawaluma. Kuyambira tsiku limenelo, akafuna kulankhula ndi mwana wawo, ankazungulira kaye n'kukakhala mbali ya kumanja.