Ukachira Ndidzakutengera Kuphiri

Tikondwe anakumana ndi Reinford pa siteji ya minibasi ku Madisi, tsiku limene achipatala anamuchotsa chikhakha kumwendo. Anali atatopa kale asanayambe n'komwe ulendo wobwerera kwa Dzoole, kumene ankaphunzitsa sitandade 6. Miyezi iwiri m'mbuyomo anaterereka pabwalo la ntchemberembaye akuphunzitsa atsikana ake, bondo lamanja linapotokola, mtsempha wa mkati n'kuvulala. Tsopano chikhakha chinali chitachoka, koma mwendo umene unatulukamo sanauzindikire. Unali wowonda, wotuwa, wokana kupindika.

Minibasi itaima, anthu anakankhana pakhomo. Iye anangoima ndi ndodo zake ziwiri, osadziwa mwendo woyamba nawo. Apo m'pamene mwamuna wina wa utuchi m'tsitsi anatula matabwa amene ananyamula n'kumuyandikira.

"Achemwali, yambani ndi mwendo wabwinowo. Wodwalawo utsatira pambuyo."

Anamugwira pachigongono mwaulemu n'kumukhazika pampando wa pafupi ndi khomo. Anamuuza kuti dzina lake ndi Reinford, kalipentala, ndipo shedi yake ili kuseri kwa msika. Anati mphira za kunsi kwa ndodozo zaperepeseka, tsiku lina zidzamugwetsa, koma iye akhoza kumukonzera atamupatsa nambala. Tikondwe anapereka nambalayo osaganiza kawiri. Miyezi iwiri yonse aliyense ankangoti pepani, palibe amene anayang'anapo ndodo zake.

Kuchipatala, mayi Sara a mafizo, othandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anali atamulembera zochita papepala. Akhale pamkeka mwendo atautambasula, aike chitenje chopinda kunsi kwa bondo, akanikize mpaka ntchafu ilimbe, awerenge mpaka khumi, apume. Kenako agone chagada, akweze mwendo uli chiwongokere. Pomaliza akoke chidendene pang'onopang'ono kuti bondo liphunzirenso kupindika. Katatu pa tsiku, tsiku lililonse.

Papepala zinkaoneka ngati masewera a ana. Pamkeka inali ntchito yakalavulagaga. Mwendo unkanjenjemera ngati wa thole longobadwa kumene, thukuta lili kamukamu, ndipo akafika kachisanu ndi chimodzi misozi inkabwera yokha. Kodi munthu wa zaka 27 aphunzirenso kukweza mwendo wake womwe? Masiku ena ankangogona n'kumayang'ana malata.

Reinford anabwera Lachitatu ndi mphira zija. Lachitatu lotsatira anabweranso, popanda chokonza. Pakutha pa mwezi, mawu oti achemwali anali atatha, ndipo foni ya Tikondwe inkalira m'mawa uliwonse belu la sukulu lisanalire.

"Duwa langa, wakweza kangati mwendo lero? Usandinamize, mtima wanga ukuwerenga nawe limodzi."

"Kasanu basi. Ndatopa, Rei."

"Onjezera kawiri chifukwa cha ine, katatu chifukwa cha ana athu amene udzawathamangitse pabwalo. Ndimakukonda, Tiko wanga."

Ankaseka yekha, n'kugonanso pamkeka, n'kukwanitsa khumi.

Mayi Sara atanena kuti nthawi yakwana yoti ayambe kukwera ndi kutsika pa chinthu chachifupi, Reinford anakhoma kabokosi ka matabwa a mkungudza, kosalala m'mbali monse, n'kukabweretsa atakamangirira panjinga. Ankaima patsogolo pake atatambasula manja, Tikondwe n'kumakwera ndi kutsika atagwira zala zake. Tsiku limenelo, ali wefuwefu pakhonde, ndi pamene Reinford analonjeza.

"Ukachira ndidzakutengera kwathu kuphiri, ku Ntchisi, amayi akakuone. Njira yake ndi yoimirira, ngakhale njinga yamoto imathera kunsi. Koma ndikufuna mkazi wanga akafike pakhomo pa amayi ndi miyendo yake."

Anati mayi akewo ndi odwaladwala, n'chifukwa chake Loweruka lililonse amapita kukawaona, ndipo netiweki kumeneko ndi yovuta. Tikondwe anamvetsa. Mwamuna wosamala mayi ake, adzalephera bwanji kusamala mkazi?

Koma pa sukulu maso anali ambiri. Akazi a aphunzitsi anzake ankayang'ana njinga ija Lachitatu lililonse n'kumagwirana m'nthiti. Amalume ake, a Mateyu, amene anali mkulu wa mpingo, anabwera okha kudzamufunsa kuti mnyamata wa matabwayu atumiza liti akwawo. Anamukumbutsa kuti mphunzitsi ndi nyali ya pamudzi, ndipo nkhani ikafika kubwalo la mpingo iwo sadzatha kumuikira kumbuyo. Tikondwe anawatsimikizira kuti chatsala ndi bondo lokha. Likangolimba, zonse ziyenda m'dongosolo lake.

Motero bondo lija linasenza zinthu zambiri: ukwati wake, dzina lake, ndi nkhope ya amalume ake. Anamanga mchenga m'sokosi n'kumaukoleka pakakolo pokweza mwendo. Ankatsamira khoma n'kutsika pang'ono ngati akukhala pampando wosaoneka, mpaka ntchafu zitayaka moto. Mwezi wachitatu anataya ndodo imodzi. Anatumiza chithunzi kwa Reinford ali chiimire pakati pa kalasi, akumwetulira.

Yankho linachedwa mpaka madzulo.

"Wapamtima, ukufulumira kwambiri. Ndikuopa. Mnzanga wina anachita changu chomwechi, mtsempha unadukiratu. Tapuma kaye, phiri silithawa."

Lachitatu anabwera ndi nkhope ya nkhawa. Anagwiragwira bondolo n'kunena kuti likuoneka lotupa, ngakhale Tikondwe sankaona kutupa kulikonse. Anatenga kabokosi kaja, ati thabwa limodzi lagwedera akakhomenso. Anamupsompsona pachipumi n'kumuuza kuti iye amamukonda ngakhale ndi ndodo, ndipo sangapirire kumuona akudzizunza chifukwa cha iye.

Mawu amenewo anagwera munthu wotopa kale. Ndani safuna kuuzidwa kuti apume? Tikondwe anapinda mkeka n'kuuimika pakona. Masabata asanu anadutsa. Mameseji a m'mawa ankabwerabe, okoma kuposa kale, koma osafunsanso za kukweza mwendo. Kabokosi sikanabwerere. Bondo linayambanso kuuma, ndipo tsiku lina akutsika pakhonde la kalasi linagwedezeka, akanagwa chafufumimba ana akuona.

Atapita ku mafizo, mayi Sara anamuyeza ntchafu ndi tepi, n'kuyang'ana m'buku, n'kuyezanso. Sanakalipe. Anangofunsa kuti wasiya liti, ndipo Tikondwe atafotokoza za kutupa ndi za mnzake wa Reinford uja, anapukusa mutu.

"Madamu, kuwawa kwa minofu yotopa ndi kwina, kubaya kwa mkati mwa bondo ndi kwina. Kukabaya kapena kutupa, imani mubwere kuno. Koma bondo lanuli silinatupe. Likufooka chifukwa ntchafu yagona. Mukapitiriza kupuma, ndodoyo mukalamba nayo."

Tikondwe anabwerera kunyumba mtima uli zii. Sanamukayikire Reinford ngakhale pang'ono. Anangoti chikondi chamuchititsa mantha bwenzi lakelo, ndipo njira yabwino ndi kusamuuza kanthu, adzangoona zotsatira. Anayala mkeka n'kuyambiranso pa chiyambi, pa chitenje chopinda chija. M'malo mwa kabokosi ankakwera sitepe ya pakhonde. Lachitatu ankatenga ndodo n'kumatsimphina pang'ono kuti Reinford asadandaule. Masiku enawo, akaweruka, ankakwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu, poyamba theka, kenako mpaka pamwamba, kenako kawiri.

Zinamutengera miyezi itatu. Inali miyezi yopanda womuwerengera, yopanda manja omugwira, ndipo masiku ambiri ankachita chifukwa choti dzulo anachitanso.

Loweruka lina m'mwezi wa Julaye anavala diresi yake ya kutchalitchi, anamanga bandeji pabondo, n'kuika m'chikwama chitenje chatsopano ndi shuga za apongozi. Anakwera matola mpaka pa boma la Ntchisi, kenako njinga yamoto mpaka pamene msewu unathera. Amayi amene ankatunga madzi pa mjigo atamva dzina la Reinford kalipentala, anamulozera nyumba ya malata pamwamba penipeni, pafupi ndi mitengo ya bulugamu.

Njira inali monga ananenera, yoimirira, ya miyala yogubuduka. Mphepo yozizira inkamenya kumaso. Ankayenda mapazi makumi awiri n'kuima, dzanja pantchafu. Pakati pa phiri anakhala pamwala, bondo likugunda ngati lili ndi mtima wakewake, ndipo anaganiza zobwerera. Koma akaganiza nkhope ya Reinford pomuona ataima pakhomo popanda ndodo, ankadzukanso.

Pabwalo la nyumbayo anapeza mayi wamsinkhu wake, mwana ali kumsana, akupeta nyemba m'lichero. Mayiyo anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kunena kuti dzina lake ndi Rute. Atalonjerana, Tikondwe anati wabwera kudzazonda mayi awo a Reinford, popeza anamva kuti sakupeza bwino.

Rute anasiya kupeta.

"Apongozi anga? Iwo anatisiya kale, mwana wathu woyamba asanabadwe. Kuno ndi kwathu kwa ine. Bambo a Alinafe, amene mukuwatchulawo, anabwera chikamwini."

Tikondwe anamva mawuwo ngati akuchokera kutali. Kapu ya madzi inali m'manja mwake, koma sanadziwe poiika. Rute anayang'ana diresi, chikwama, kenako maso ake anaima pa bandeji ija nthawi yaitali.

"Kapena ndinu madamu a bondo aja, a kwa Dzoole?"

Tikondwe anagwedeza mutu kuvomera.

"Anandiuza kuti akumpingo anawapempha kuti Lachitatu lililonse azikathandiza mphunzitsi wina. Anati ndi mayi wachikulire, ndipo madokotala ananena kuti sadzayendanso." Rute anaika lichero pansi. "Ndinakutumizirani mtedza kawiri. Unafika?"

Unafika. Reinford anaubweretsa m'kathumba, n'kunena kuti amayi apereka moni kwa mpongozi wawo. Tikondwe anaukazinga, anagawirako ngakhale amalume ake.

Palibe amene analira. Nkhuku zinkatola nyemba zimene zinagwa pansi. Patapita kanthawi kunamveka likhweru kuseri kwa nyumba, ndipo Reinford anatulukira kuchokera kudimba, khasu paphewa, mpiru m'manja. Atamuona anaima ngati wapondedwa ndi chinthu. Anayang'ana miyendo ya Tikondwe, anayang'ana uku ndi uku kufunafuna ndodo.

"Tiko... wakwera bwanji?"

Sanafunse kuti wafika liti, kapena ngati bondo likuwawa. Funso limodzi lomwelo linamuuza Tikondwe zonse zimene zinatsala. Anaimirira pang'onopang'ono, osagwira chilichonse.

"A Reinford, masabata asanu ndinagona chifukwa munandiuza kuti ndipume. Ndinatsala pang'ono kukalamba ndi ndodo. Mumaopa kuti bondo langa lithyoka, kapena mumaopa kuti lichira?"

Reinford anayamba kulankhula zambiri nthawi imodzi. Ati ankafuna kumuuza koma nthawi sinkapezeka, ati chikondi chake chinali chenicheni, ati Rute asamvere za anthu, onse awiri akhale pansi amve bwinobwino. Mawu ake anali okoma monga mwa masiku onse, koma pabwalo paja analibe pogwera. Rute anamasula mwana kumsana n'kumupereka m'manja mwa bambo ake.

"Gwirani mwana wanu. Ndikaperekeze mlendo."

Kutsika kunawawa kuposa kukwera. Phazi lililonse likaponda, bondo linkalandira thupi lonse, ndipo miyala inkathawa pansi pa nsapato. Rute anathyola nthambi ya bulugamu, anaisadza masamba n'kumupatsa. Pamalo otsetsereka kwambiri ankatsogola n'kutembenuka, Tikondwe n'kumatsika cham'mbali atagwira phewa lake. Foni inalira m'chikwama kangapo konse. Tikondwe sanaitulutse.

Penapake Tikondwe anayesa kupepesa, kunena kuti sankadziwa, kuti akanadziwa sakanalola ngakhale mphira za ndodo. Rute anangoti akudziwa, munthu wodziwa sabwera ndi shuga.

Anafika pa mjigo dzuwa litapendeka. Amayi otunga madzi aja anali atapita. Tikondwe anakhala pa simenti, mwendo atautambasula. Anaganiza za amalume ake, za akazi a pa sukulu, za Lachitatu limene likubwera, ndipo anatopa nazo zonse asanazione n'komwe. Misozi inabwera tsopano, yopanda phokoso.

Rute anapukusa mjigo, ananyowetsa nsonga ya chitenje chake n'kumuika pabondo madzi ozizirawo. Anadikira naye mpaka phokoso la njinga yamoto linamveka kumunsi. Kenako anaimirira, anamanganso chitenje chake chonyowacho, n'kuyang'ana kumwamba kumene malata ankanyezimira pakati pa mitengo.

"Pitani bwino, madamu. Inu mwatsika, ndipo mwatsikiratu," anatero. "Ine phiri ili ndilikweranso lero lomwe."