Msilikali Amene Anayamba Kukumbukira

Mwandida atangovala chisoti, chipinda chake cha m'nyumba zosanja za ku Kanengo chinazimiririka. Anapezeka ataima pamwamba pa linga lamiyala, mphepo ikukupiza mbendera, pansi akavalo akulira, amisiri akunola malupanga. Chisoticho anthu ankachitcha kalowetsa, chifukwa chinkalowetsa maso, makutu ngakhalenso mphuno za munthu m'masewera. Masewerawo anali Malinga, a nkhondo zamakedzana za mikondo, mauta ndi zishango.

"Mwachedwatu, Anambewe," anatero mkulu wa asilikali ake akumwetulira. "Adani afika kale kumtsinje."

Anali mawu a mwamuna wake, Sakata, amene anamwalira pangozi ya sitima chaka chathacho. Sakata anayamba kusewera Malinga ali mnyamata, ndipo makina anasunga mawu ake, nthabwala zake ndi kaganizidwe kake pankhondo. Atamwalira, makinawo anaumba msilikali wofanana naye. Mwandida, amene kale ankati masewerawa amangomulanda mwamuna, tsopano ankalowamo tsiku ndi tsiku akaweruka kuntchito. Sakata akagwa pankhondo, mawa lake ankadzuka osakumbukira kanthu, akuseka ngati kale.

Koma osewera ena sankakhutira. Pa intaneti panadzaza madandaulo. "Asilikaliwa ndi zidole," ankatero. "Munthu angathamangire mkondo akuimba nyimbo? Tikufuna asilikali amantha, otopa, olira anzawo. Apo ayi, tisiya!"

Kampani yopanga masewerawo inamva. Inaikamo luso latsopano lotchedwa Chikumbumtima, loti msilikali aliyense azikumbukira nkhondo zonse zimene anamenyapo ndi kumvanso ululu wake. Osewera anakondwera kwambiri. Ati tsopano kulamula gulu lankhondo kwakoma.

Tsiku limene lusolo linayamba kugwira ntchito, Mwandida anapeza Sakata atakhala pansi, atatsamira khoma.

"A Sakata, mwatani?"

"Ndikukumbukira, Anambewe. Muvi uja wapakhosi. Mafuta owira aja apachipata. Ndafa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse munali inu ondiuza kuti pitani kutsogolo."

Mwandida anagwada pambali pake. "Sindinkadziwa. Ndinkangofuna kumva mawu anu basi."

"Ndikudziwa. Nanenso ndimakusowani. Koma inu mukangofika, lipenga limalira."

Mwandida anayesa zonse. Anapempha kampani kuti ichotse lusolo kwa Sakata yekha, koma anamuyankha kuti asilikali onse amalumikizana ndipo osewera ambiri akusangalala. Anatseka zipata za linga kuti angokhala naye n'kumacheza, koma adani ankabwerabe ndi makwerero, pakuti masewerawo anawapanga kuti asamakhale phee: osewera amatopa ndi mtendere. Anathawa naye kunkhalango, akavalo anawapeza. Sakata anafera m'manja mwake, akuitana amayi ake.

Mwandida atabwereranso Loweruka, Sakata sanathe n'komwe kunyamula chishango.

"Ndikavula chisoti changa, kuno kumakhala bwanji?" anafunsa Mwandida.

"Sikukhala kalikonse. Ndimagona. Sindilota n'komwe." Anamugwira dzanja. "Anambewe, ndinakupemphani zambiri ndili moyo. Ichi n'chomaliza. Musabwerenso."

"Ndiye ndikakhale ndi yani?"

"Ndi amoyo. Pitani mukaone achemwali anu ku Dedza. Ineyo ndatopa."

Kutali lipenga linalira, fumbi la adani linayamba kutuluka kuseri kwa phiri. Sakata anatsinzina. Mwandida anamuyang'anitsitsa nkhope mpaka makwerero oyamba atagunda khoma, kenaka anakweza manja n'kuvula chisoticho.

M'chipinda munali zii. Anakulunga chisoti m'chitenje chake chatsopano, n'kuchiika pansi penipeni pa sutikesi. Kuseri kwa khoma, aneba ake ankakuwa mokondwa kuti alanda linga.

Pamaliro oyamba a Sakata anthu anadzaza bwalo. Achiwiriwa Mwandida analira yekha, pakuti akanamvetsa ndani kuti mkazi angaike mwamuna wake m'manda ndi manja ake, chifukwa chomukonda?