Pondani Pamene Nagogoda

Asisitere a pachipatala cha mishoni anamuchonderera Ezron kuti agone pakhonde, anyamuke kukacha. Iye anakana. Kunyumba anali atasiya Keziah, mwana wake mmodzi yekhayo, thupi likuotcha ngati mbaula chifukwa cha malungo. Anapisa mapiritsi m'thumba la malaya n'kuuyamba ulendo dzuwa litalowa kalekale.

Chaka chimenecho boma linaletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa nyali, poopa ndege za adani. Kumsewu waukulu wa ku Chongwe kunali asilikali, ndipo anyamata a chipani sankachedwa kumutcha munthu kazitape. Choncho Ezron anadzera njira ya njanji yakale.

Njanjiyo inali ya kamgodi kena kamene kanatsekedwa ufulu usanabwere. Kasitima kake kankanyamula miyala, chimanga ndi anthu kupita kutawuni. Katasiya kubwera, anthu a m'midzi anaidya njanji ija pang'onopang'ono ngati chiswe. Zitsulo zinasanduka makasu, mitanda yamatabwa inakatseka makola, ndipo ngakhale belu la kutchalitchi linali chidutswa cha njanji chopachikidwa pamtengo. Palibe amene anaba, aliyense anangotola! Chotsala chinali mlatho wa pamtsinje, umene Ezron anali asanauwoloke chiyambire mvula.

Mdima unali wa ndiweyani. Mtsinje anaumva asanauone, ukukokoma pansi. Ataponda mtanda woyamba, anamva china.

Ngo... ngo...

Chitsulo pachitsulo. Kutsogolo kunayaka nyali yofiira. Ndani angayatse nyali masiku ano? Asilikali?

Sanali asilikali. Anali bambo wachikulire wovala ovolosi ndi chipewa chakale cha a njanji, wotsimphina mwendo wamanzere. Kudzanja kunali nyundo yaitali. Ankanunkha malasha ndi girisi.

"Imani, tate. Nyali ikafiira, sitipita."

Ezron anafotokoza za mwanayo. Mkuluyo anangofunsa dzina la mwana, ndipo atalimva anatembenukira kumlatho.

"Nizatsogola. Pondani pamene nagogoda. Pamene nyundo siinalire, musaponde."

Ngo. Ezron anaponda. Ngo. Anapondanso. Nyali ija sinkawalitsa kanthu, ngakhale nsapato za mwini wake. Ndipo nsapatozo sizinkamveka. Munthu wotsimphina, pamatabwa onyowa, koma zii...

Pakati pa mlatho nyundo inaleka.

Anadikira. Madzi okha. Anaitana, osayankhidwa. Anakumbukira maso a Keziah, mantha n'kusanduka ukali. Aime pano mpaka liti? Anatukula phazi. Analitsitsa pang'ono... pang'ono... Mphepo yozizira inamupita kuphazi. Panalibe thabwa!

Ngo!

Kumanzere. Kutali ndi pamene ankafuna kuponda. Anagwada, napapasa, n'kupeza chitsulo chopyapyala ngati mkono. Anakwawa pamenepo, chifuwa pansi, dzanja limodzi litagwira thumba la mapiritsi. Ngo... ngo... Nyundo patsogolo, iye pambuyo. Kenaka zala zinagwira udzu.

Atadzuka kuti athokoze, nyali inasanduka yobiriwira n'kuzima. Panalibe munthu. Ezron anathamanga osacheuka.

Mkazi wake Mainess anamumwetsa mwana mankhwala, ndipo tambala akulira thukuta linayamba kutuluka. Keziah anapempha madzi. Apongozi a Ezron, mayi Clotilda, amene anachezera usiku wonse, anakhala chapatali monga mwa ulemu n'kufunsa kuti wadzera kuti. Atamva kuti pamlatho, anati zimenezo n'zosatheka, chifukwa sabata yatha anyamata a chipani anazula mitanda yonse yapakati kukamangira nsanja ya msonkhano.

Ezron anafotokoza zonse: nyali, nyundo, mwendo wotsimphina. Mayiwo anayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ni ba Jonas abo, atate ake a Mainess," anatero motsitsa mawu. "Ndiwo anali kuyendera njanji, kugogoda zitsulo sitima ikalibe kupita. Anagwa pamlatho wamene uja Mainess ali kumsana. Thupi sitinalipeze. Tinapeza chabe nyundo, ninaipereka kutchalitchi."

Ezron anali wobwera m'mudzimo, mkamwini chabe. Apongozi ake aamuna ankangowamva dzina pa Misa ya akufa.

Kunja kunali kutayera. Kutchalitchi, akatekisiti anayamba kuitana anthu ku mapemphero a m'mawa, akumenya chidutswa cha njanji chija ndi nyundo yaitali ija.

Ngo... ngo...

Ezron anapezeka atatukula phazi.