Galasi la a Sulemani

Wilkins anatuluka ku Makata maminibasi atatha kale, vuto lake lomwe lija losadziwa kukana akatumidwa. Kuntchito kwawoko ankajambula zinthu ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa leza. M'chipinda chamdima kuwala kumang'anima kamodzi kokha, basi chinthucho chatsala m'galasi chathunthu, moti umachita kufuna kuchigwira. Usiku umenewu anali atapanira m'khwapa galasi lakale lokulungidwa m'nsalu yakuda. Abwana anati akalisiye ku Chitawira kwa mayi Halimatu, amene analipempha kwa zaka zambiri chifukwa munali amuna awo.

Pa mlatho wa Naperi panali mdima wa ndiweyani. Apo ndi pomwe anapeza bambo wa mkanjo woyera ndi kofia ataima pakati pa njira, osagwedezeka ngakhale pang'ono.

"Mwananga, ndatopa," anatero bamboyo. "Kuwala kuja kunandigwira ndikukoka mpweya. Mpaka lero sindinautulutse."

"Pepani bambo, ine sindikukudziwani."

"Uli nane m'khwapamo."

Mantha anamugwira Wilkins. Mkono unangolefuka wokha... Phwaa!

Mtima unamupweteka, pakuti ntchito yake ankaidziwa. Galasi lotere likasweka munthu sasweka nalo, chidutswa chilichonse chimamusunga yense. Anayatsa tochi ya foni. Nkhope! Apa nkhope, apo nkhope... Bambo yemwe uja, kukamwa kuli yasa, m'kachidutswa kalikonse.

"Wandichulukitsa, mwananga..."

Mawuwo anachokera pansi. Panjira panalibenso munthu.

Nanga akanatani? Anagwada n'kuyamba kutolera zidutswazo m'nsalu, zala zikuchucha magazi, iye akulira ngati mwana.

Mayi Halimatu anamutsegulira atanyamula nyali. Anatenga chidutswa chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa.

"Ndakumana nawo pa mlatho, mayi," anatero Wilkins. "Atavala momwemu."

"A Sulemani?" Mayiwo anakhala pansi pakhomo pomwepo. "Amuna anga tinawaika mu 2014, achimwene. Chiyambire sandigonetsa, amabwera kutulo kudzadandaula kuti akubanika. Galasili ndinkalifuna lathunthu kuti ndikalikwirire pamanda pawo, apume."

Anafunyulula nsalu ija pang'onopang'ono, kenako anadzutsa maso.

"Mwatola zonse?"

Wilkins anakumbukira tizidutswa tina timene tinathothokera kunsi kwa mlatho. Mvula inali itagwa masana, ndipo pansi pa mlatho uja Naperi anali atadzaza.