Dokowe wa Nevena

Nevena ankafuna kutuluka panja. Ankafuna kukasewera kumunda wa maluwa. Koma anali atadwala chibayo mwezi wathunthu.

"Ndachira ine!" anatero Nevena.

"Kunja kukuzizirabe, mwanawe," anatero amayi. "Ukaona dokowe, udzatuluka."

Nevena anakwiya.

Pamkono pake panali kaulusi kofiira ndi koyera. Kwathu kuno ku Pomorie, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, tonse timavala kaulusi kotere Malichi akayamba. Ukaona dokowe, ndiye kuti chisanu chatha. Umavula kaulusiko. Umakamanga pamtengo umene wachita maluwa.

Nevena anakhala pawindo. Windolo linayang'ana kunyanja.

Lolemba anaona mbalame yoyera.

"Dokowe!" anakuwa.

Achemwali ake, a Zlatka, anasuzumira. "Ameneyo ndi tsekwe, iwe!"

Padenga panamveka phokoso. Kho! Kho! Kho!

"Aaa! Ndi denga lomwe likundiseka!" anatero Nevena. Anakwiya kwambiri.

Lachiwiri anaona mbalame ya miyendo italiitali.

"Dokowe!" anakuwa.

"Ameneyo ndi kakowa," anatero a Zlatka. "Mlomo wofiira uli kuti?"

Kho! Kho! Kho!

Nevena anakankha kapu ya tiyi wauchi. Anakwiya kwambiri zedi.

Lachitatu a Zlatka analowa akuvina. Pamkono pawo panalibe kaulusi.

"Achemwali, mwamuona kuti?" anafunsa Nevena.

"Sindinena."

"Ndiuzeni!"

"Ali pafupi ndi iwe. Koma uli m'nyumba sungamuone."

Nevena anafiira maso. Kuti atuluke, aone dokowe. Kuti aone dokowe, atuluke. Nanga zimenezi ndi zoona?

"Nonse ndinu oipa!" anakuwa. "Amayi ndi oipa! Achemwali ndinu oipa! Dokowenso ndi woipa!"

Anadzifunditsa bulangete mpaka kumutu.

Kho! Kho! Kho!

Nevena anatchera khutu. Lero kulibe mphepo. Nanga denga lingagogode lokha?

Anadzuka msangamsanga. Anatenga kalilole wa amayi. Anatenga ndodo ya tsache. Anamanga kalilole kundodo ndi lamba wa diresi. Anatsegula windo pang'ono. Anatulutsa ndodo ija. Anapendeketsa kalilole.

Anaona mitambo. Anapendeketsanso. Anaona denga. Anapendeketsanso.

Miyendo yofiira! Mapiko akuda! Mlomo wautali, wofiira psuu! Mlomowo unali kuwombana. Kho! Kho! Kho!

"Amayi! Amayi! Dokowe!"

Amayi anabwera akuthamanga. "Iwe! Kalilole wanga!"

"Taonani m'menemo, amayi."

Amayi anayang'ana. Anayang'ananso.

"Koma wamuonera m'kalilole," anatero a Zlatka. "Kumeneko si kuona."

"Inu mumaonera nkhope yanu momwemo tsiku lililonse!" anatero Nevena.

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Wamuona ndithu. Vala jekete. Vala chipewa. Valanso mpango."

Panja panali dzuwa. Nyanja inali kunyezimira. Mtengo wa pichesi unali ndi maluwa mbuu. Kaulusi ka a Zlatka kanali kale panthambi.

"Ndinyamuleni, achemwali," anatero Nevena. "Kanga kakhale pamwamba pa kanu."

A Zlatka anamunyamula. "Ii, koma wachiradi. Ukulemera!"

Nevena anamanga kaulusi kake. Kenako analoza padenga.

"Iwe dokowe! Masiku atatu onsewa uli pamutu panga?"

Dokowe anaweramutsa khosi. Kho! Kho! Kho!

Nevena anayesetsa kukwiya. Anayesetsadi. Koma kuseka kunamupulumuka.