Njere Zimene Lameki Anaba

Lameki ankagwira ntchito pakati pa chuma koma iye ali wosauka. Anali wosamalira nazale pa kampani ina yopanga mbewu ya fodya kufupi ndi boma la Kasungu. Kampaniyo inali ndi mbewu yakeyake yotchedwa Chikopa, imene akatswiri ake anaivutikira zaka zambiri kuti isamagwidwe ndi matenda a m'mizu. Njere zoyambirira za mbewuyo zinkasungidwa m'chipinda chozizira, ndipo Lameki ndiye ankazitenga pokafesa. Koma akabwerera kwawo ku Njombwa ankapeza mkazi wake Enelesi akutchera mabeseni m'nyumba, denga likudontha. Chimene chinkamudya kwambiri mumtima anali Goodwin, mnzake wa kusukulu amene sankatha n'kuwerenga komwe, koma tsopano anali ndi malole ndi nyumba ya malata ofiira.

Goodwin yemweyo ndiye anamulozera njira yopita kwa a Frazer, sing'anga wa kuseri kwa Chamama. Lameki anawapeza atakhala pakhonde, atavala malaya osita bwino ngati aphunzitsi.

"Chuma sichigwa ngati mvula, achimwene," anatero a Frazer. "Chilichonse chili kale ndi mwini wake. Inu mukufuna cha yani?"

Lameki anayang'ana pansi, kenako n'kutchula mbewu ya Chikopa.

"Bweretsani njerezo pang'ono, ndi kapepala kamene amamata pa paketi, kokhala ndi chizindikiro chawo. Ndikazisambitsa, mlimi aliyense adzafuna zanu zokha."

"Nanga malipiro?"

"Ine mudzandipatsa chimene mtima wanu wakonda. Koma njere zobedwa zimalira kwawo, zimafuna wozitonthoza. Chaka chilichonse nazale yoyamba azifesa ndi mwana wa magazi anu."

"Mwanayo adzafa?"

"Ndani watchula maliro pano? Adzadya, adzagona, adzakhala pakhomo panu pompo."

Lameki anaona kuti zimenezo n'zopepuka. Anaba njere m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, a Frazer anazisambitsa, iye n'kusiya ntchito. Nyengo ya nazale itakwana, anaitana mwana wake wamkulu Fainess, mtsikana amene sankaphonya nambala wani m'kalasi. Anathira njere mu keni ya madzi n'kumuuza kuti athirire bedi loyamba. Fainess anathirira akuimba.

Fodya anakula, anachita maluwa, njere zinachuluka. Lameki anasindikiza mapaketi ofanana ndi a kampani ija, ndipo alimi ankachita kulimbirana pamzere. Anamanga shopu pa Chamama, anagula galimoto, ndipo kutchalitchi anayamba kumukhazika kutsogolo. Koma Fainess anayamba kuiwala njira ya kusukulu. Kenako anasiya kuyankha akaitanidwa. Pofika nthawi yokolola ankangokhala pakhonde la nyumba yatsopano, dovu likutsika, akumwetulira khoma. Enelesi anayenda naye m'zipatala ndi m'mapemphero. Lameki ndiye ankayendetsa galimotoyo, akubisa chimene ankadziwa.

Chaka chotsatira anayesa kuzemba. Analemba waganyu kuti afese, koma mabedi onse anangokhala dothi lokhalokha. Anathamangira kwa a Frazer.

"Ndikufuna kusiya. Tengani shopu, tengani galimoto, mundibwezere mwana wanga."

A Frazer anaseka pang'ono. "Madzi akamwerera m'nthaka mumawatunganso? Njerezo mukasiya kuzipatsa mwana, zidzabwera kudzatenga zokha. Ndiye izo sizisankha, ndipo sizisiya munthu akupuma."

Lameki anabwerera kunyumba. Anamuyang'ana mwana wake wotsala, Chancy, akusewera mpira pabwalo, n'kudziuza kuti bola wamoyo kusiyana ndi wa m'manda. Anamuitana n'kumupatsa keni. Mvula isanathe, ana awiri anali atakhala pakhonde limodzi.

"Bambo a Fainess," Enelesi anamufunsa tsiku lina akuwapukuta pakamwa anawo, "n'chifukwa chiyani matendawa amayambira kudimba kwanu?"

Lameki anatenga makiyi a galimoto n'kutuluka.

Nthawi yomweyo kampani ija inali itaona kuti malonda ake akutsika pamene Chikopa ali mbwee m'minda yonse. Inatuma mayi wina, a Idah, kuti afufuze za chuma chonse cha kampaniyo chochokera m'nzeru za antchito ake: mbewu, dzina lake ndi chizindikiro, komanso kuti afufuze anthu onse amene anagwirapo makiyi a chipinda chozizira. A Idah anayenda m'minda, anatola masamba n'kukawayeza, anagula paketi imodzi pa Chamama. Kenako anafika pashopu masana, anapereka moni mwaulemu.

"A Lameki, mbewu imene mukugulitsayi ndi ya kampani. Dzina ndi chizindikiro zinalembetsedwa ku boma, ndipo kuyeza kwaonetsa kuti makolo ake ndi njere za m'chipinda chija. Khoti lalamula kuti katundu yense alandidwe, njere ziwotchedwe."

Lameki anagwada pa simenti. "Mayi, ndimangeni ineyo, koma njerezo musaziwotche. Simukudziwa zimene zili m'menemo."

"M'menemo muli ntchito ya anthu ena, bambo. Ine ndatumidwa kudzateteza zimenezo basi."

Anapitanso kwa a Frazer komaliza, kuwapempha kuti atembenuze mitima ya a khoti.

"N'zotheka," anatero a Frazer akuwenga zikhadabo. "Muli ndi mwana wina?"

"Ndilibe."

"Ndiye mwabwera ndi chiyani?"

Njerezo anaziwotcha pabwalo la kampani, apolisi akuonerera. Lameki anaima kunja kwa mpanda akuyembekeza kuti mwina utsiwo umasula ana ake. Atafika kunyumba anawapeza ali momwemo, akumwetulira khoma. Anagwa pamapazi a Enelesi n'kuulula zonse. Enelesi sanalire ndipo sanamutukwane. Anamanga mtolo, anagwira mwana aliyense padzanja, n'kubwerera kwawo kwa Mwase, kumene akuwadyetsa ndi kuwasambitsa mpaka lero.

Shopu ndi galimoto zinapita polipira kampani. Lameki anamangidwa, koma kundende sanakhalitse, chifukwa mutu unali utayamba kale kusokonekera. Masiku ano amazungulira msika wa Chamama atavala thumba la feteleza. Akapeza botolo kapena paketi yotayidwa, amamatula kapepala kake mosamala, n'kumatsatira nako anthu odutsa.

"Pepani, kali ndi mwini wake aka. Mukam'patse."

Anthu amalandira kuti awasiye, akapita patsogolo n'kutaya.

Chuma cha mankhwala chimalowa pakhomo chikuseka, koma chimadya za m'nyumba momwemo. Nzeru imene wina anaikhetsera thukuta si yotola panjira, ndipo dyera limagulitsa zimene munthu sangaziwombolenso. Kuli bwino denga lodontha ana ako akukuyankha ukawaitana.